Khola Lachitatu

Bambo anga ankakumba mbewa ku Ntcheu,
kuzipana pampani, kuimika mabasi pamsewu.
Ine ndimazimwetsa madzi a m'botolo.
Ndimasunga makiyi a chipinda chawo kuseri kwa labotale,
kuno ku Mangochi, kumene anzanga a kumzikiti
amalavula ndikangotchula kapuku wowamba.

Izi n'zoyera ngati thonje, maso psuu,
sizinapondepo m'munda, una siziudziwa.
Zinabwera pagalimoto yozizira m'kati.
Ine ndinabwera pa matola.

Makola atatu.
Za m'loyamba anazibaya madzi amchere chabe.
Za m'lachiwiri katemera yekha.
Za m'lachitatu katemera wosakaniza ndi kadontho kambuu ngati mkaka
kamene a Tung'ande, eni kafukufuku,
amakatchula ndi dzina lopinda lilime.
Ndinafunsa kuti kamachiza chiyani.
Sikachiza kanthu, anatero, akukoka magolovesi.
Katemera yekha ndi mlendo waulemu,
wonena odi chamumtima pakhomo pa anthu ogona.
Aka ndi mwala woponya padenga la malata.
Thupi likadzidzimuka limamuyang'anitsitsa mlendoyo
ndipo nkhope yake silimaiwalanso.

M'mawa mwake za khola lachitatu
zinali zitaunjikana pakona, ubweya uli nyankhalala,
polowera singano patatupa ngati nsawawa.
Za m'loyamba zikungojowa, zonona, zosadziwa kanthu.
M'kaundula ndinalemba kuti sizinadye.
Zoti ndinazipepesa sindinalembe.

Okutobala wa kuno sasewera.
Lachinayi magetsi anathima,
ine ndi Che Amidu mlonda kukoka chingwe cha jenereta
mpaka mapewa kuchita dzanzi,
kenako kunyowetsa masaka, kupachika m'mawindo.
Imodzi, yoboola khutu lamanzere, sinadzuke.
Kaya ndi kutentha,
kaya mwala wapadenga uja unakula.

Patatha masabata atatu
tinatenga magazi kumchira, kadontho kamodzikamodzi,
n'kudontheza m'kabawo ka pulasitiki
ka timaenje tochuluka kuposa bawo ya pansi pa mtengo wa mango kudepoti.
Palibe anasuntha nkhomo. Tinangodikira.
Mzere woyamba unakhala mbee ngati madzi.
Wachiwiri unasintha mwamanyazi,
ngati tiyi wa masamba obwereza kachitatu.
Wachitatu unapsa chikasu.
Asilikali a m'magazi ndi amenewo, anatero a Tung'ande,
achuluka, ndipo akugwira mdani osataya.
Anavina ndi mapewa okha, manja ali m'magolovesi,
kenako anadzibweza:
koma mbewa si mwana wa munthu,
ulendo ukadalipo.

Madzulo ndinapalasa njinga kuwoloka mlatho,
fungo la utuchi likadali m'malaya.
Kunyumba ndinapeza mlamu wanga atatopa,
Zainabu wake wa masabata khumi akulira chosalekeza,
wachokera kusikelo, thupi latentha.
Sindipitanso, anatero, amubaya ali bwinobwino,
taonani ntchafu yake.
Ndinagwira pang'onopang'ono.
Kansawawa komwe kaja, kofunda, pansi pa chala changa.

Ndikanatha kunena za mzere wachitatu,
za khutu loboola limene ndinalikulunga m'pepala,
koma ndine wosesa makola,
mawu aakulu amandikwenyakwenya pakhosi.
Ndinangonyowetsa kansalu, n'kunena:
musamuletse, akuloweza nkhope ya mlendo.
Kukapanda kutsika mawa, ndikukwezani panjinga, tikawaonetse.

Usiku foni inalira, bambo ku Ntcheu.
Mvula sinayambe, mawondo akuvuta.
Kenako, monga mwa nthawi zonse:
kodi zoyera zakozo n'zonona?
Ndinaseka, ndinati sitidya, bambo, zili pantchito.
Anakhala chete kanthawi.
Nanga zikamaliza ntchitoyo, anafunsa,
zimapita kuti?

Mayunitsi anandithera ndisanayankhe,
kapena ndinadula ndekha.